Mphwanga, usanagule khadi lina

Mphwanga,

Uthenga wako ndauona, ndipo kavidiyo kamene unajambula ndi foni ndakaonera katatu. Kavalo wa Arthur Morgan wa mu Red Dead Redemption 2 akulowa mu Saint Denis ngati nkhalamba ya nyamakazi: aponde kawiri, aime, kenako adzidzimuke. M'munsi mwake walemba kuti kompyuta yako yatha ntchito, ndikubwereke madola ugule graphics card ina. Ndalamayo sindikupatsa lero. Si kuuma manja ayi. Pamene unatsegula ma setting pa kavidiyoko ndinaona kuti chilichonse wachikankhira ku Ultra, ndipo ndinaseka mpaka akunyumba kuno anasuzumira kuti aone chagwa n'chiyani.

Ndinaseka chifukwa ndinadziona ndekha. Unali udakali ku pulayimale pamene ndinali ndi kachipinda kaja kuseri kwa nyumba ya agogo ako ku Tafara: makompyuta anayi otsala m'maofesi, benchi imodzi, anyamata akulipira theka la ola kuti amenye FIFA ndi GTA V. M'chaka cha 2019, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankathima mpaka maola 18 pa tsiku. Ankabwera anthu atagona, n'kuchoka kusanache. Makasitomala anasowa, ndalama yogulira zida zatsopano inasowa, chimene ndinatsala nacho ndi usiku ndi kope la masamu. Zimene ndikuuze pano ndinaziphunzira m'maola amenewo, ndikusintha kanthu kamodzi, kulemba nambala, kusinthanso kena.

Tiyambe ndi kuwayang'ana bwinobwino makina akowo. Ndi Dell yochokera mu ofesi, Core i5 ya ma core anayi, RAM ya 8GB, hard drive yozungulira ija, ndi GTX 1650 ya 4GB. Red Dead Redemption 2 inatuluka pa PC mu Novembala 2019, ndipo eni ake a Rockstar analemba kuti gemuyi imayenda bwino pa GTX 1060 ya 6GB ndi RAM ya 12GB. Iwe uli pansi pa zonse ziwirizi. Ultra wa gemu imeneyi ankapumitsa wefuwefu ngakhale makhadi odula kwambiri a chaka chimenecho, ndiye iwe ukumufuna wa chiyani? Gemu yomweyi anthu ochuluka anaisewera pa PlayStation 4 ndi Xbox One kuyambira mu Okutobala 2018, pa 30 FPS basi, ena mpaka kugwetsa misozi pa mathero ake. A Digital Foundry atafananiza Xbox One X ndi PC anapeza kuti ma setting ambiri a Xbox-yo ndi ofanana ndi Low ndi Medium a pa PC, kupatula Texture amene ali pa Ultra. Palibe anadandaula kuti gemuyo ndi yonyansa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Choyamba, leka kuweruza ndi maso. Maso amanama, makamaka maso a munthu amene mtima wake uli kale pa khadi latsopano. Tsitsa MSI Afterburner, ndi yaulere ndipo imabwera ndi mnzake RivaTuner. Uikonze kuti pakona ya sikirini paziwoneka FPS, frametime, kuchuluka kwa ntchito ya GPU ndi ya CPU, kutentha, VRAM ndi RAM. Gemu si kanthu kena koma zithunzi zimene kompyuta ikujambula motsatizana, ndipo FPS ndi kuchuluka kwa zithunzizo pa sekondi imodzi. Pa 30 FPS makina ali ndi mamilisekondi 33.3 oti amalize chithunzi chimodzi. Pa 60 ali ndi 16.7 okha. Kuchoka pa 30 kufika pa 60 ndiye kuti ntchito yomweyo ithe mu theka la nthawi, n'chifukwa chake kudula kanthu kamodzi sikungakufikitseko.

Koma nambala imene anzako amanyadira pa WhatsApp, avareji ija, si imene ikukuzunza. Taganiza makombi awiri anyamuka pa Fourth Street kupita ku Mabvuku. Woyamba dalaivala wake akuuluka mu Mutare Road ngati waona apolisi, n'kumaponda mabuleki mwadzidzidzi pa Msasa, anthu mitu gu! gu! kumipando. Wachiwiri akuyenda liwiro limodzi njira yonse. Onse angafike pa nthawi yofanana, avareji yawo ndi imodzi, koma wotsika mu kombi yoyambayo amatsika mutu uli waliwali. Mzere wa frametime ndiwo umakuonetsa mabuleki amenewo. Ukakhala wosalala, gemu imakoma ngakhale pa 30. Ukakhala ngati mano a sowo, ngakhale 55 imanyansa. Ine ndinataya miyezi ndikuthamangitsa nambala yaikulu ndisanazindikire zimenezi.

Chachiwiri, dziwa amene akuchedwetsa ntchito. GPU ili ngati mmisiri womanga nyumba, CPU ngati mnyamata womupatsira matope, uja kuno timamutcha dhaka boy. CPU ndiyo imawerengera kuti munthu aliyense mu Saint Denis ali pati, ngolo ikulowera kuti, chipolopolo chagunda chiyani, kenako n'kupereka kwa GPU kuti ijambule. Ngati mnyamata wa matope ndiye wochedwa, ungabweretse mmisiri wothamanga chotani, khoma likwera pa liwiro lomwelo. Mayeso ake ndi aulere. Ima pa malo amodzi mu gemu, ulembe FPS, kenako utsitse resolution kuchoka pa 1920x1080 kufika pa 1280x720. Wachotsa madontho oposa theka: kuchoka pa 2,073,600 kufika pa 921,600. FPS ikadumpha kwambiri, wolemedwa ndi GPU, ndipo ma setting akuthandiza. Ikangosuntha pang'ono, GPU n'kumaonetsa 60 kapena 70 peresenti pamene ma core onse anayi a CPU ali pafupi ndi 100, vuto lili pa CPU, ndipo khadi latsopano lingakhale kutaya ndalama m'chimbudzi. Uyeze kawiri, kuthengo komanso m'tauni, chifukwa mu gemu imeneyi kuthengo kumalemetsa khadi pamene tauni yodzaza anthu imalemetsa CPU.

Tsopano ma setting enieniwo, ndipo apa ndichedwapo. Lamulo ndi limodzi: sintha chinthu chimodzi, yeza pa malo omwewo, lemba. Ukasintha zinayi nthawi imodzi sudziwa chimene chakuthandiza, ndipo mawa uyambiranso. Gemuyi ili ndi benchmark yakeyake m'kati, igwiritse ntchito, ngakhale imadya mphindi zingapo.

Yamba ndi MSAA, uizimitse, pamodzi ndi Reflection MSAA. Imeneyi ndi mbala yaikulu pa zonse. TAA isiye yoyaka pa Medium chifukwa popanda iyo udzu, masamba ndi ndevu za Arthur zimanyezimira ngati zagwidwa nyerere. Chithunzi chikaoneka cha mbuu, kweza TAA Sharpening pang'ono. Kenako pita pa madzi. Water Physics Quality ili m'gawo la Advanced, lomwe uyenera kulitsegula kaye, ndipo ikakhala kumapeto imapha FPS ukangoyandikira mtsinje. Ibweze pa theka kapena pansi pake. Ndikulonjeza kuti powoloka mtsinje, apolisi ali pambuyo, sudzaima kuti uwerenge mafunde. Reflection Quality itsike pa Low kapena Medium. Imawerengera zithunzi za m'magalasi a mawindo ndi m'zithaphwi, zinthu zimene diso limangodutsa. Zonse zokhala ndi dzina lakuti Volumetric, ndiko kuti nkhungu, mitambo ndi kuwala kodutsa m'mitengo, zikhale pa Low kapena Medium, ndipo Unlocked Volumetric Raymarch Resolution ikhale yozima. Tree Tessellation izime. Grass Level of Detail itsike, chifukwa dziko la gemu imeneyi ndi udzu wokhawokha ndipo tsinde lililonse likufuna kujambulidwa. Lighting Quality ikhale pa Medium, umva kusiyana kwake usiku m'tauni pamene nyali zonse zayaka. Mithunzi pa Medium. Apa pokha pamandiwawa pang'ono, chifukwa mithunzi ya gemu imeneyi dzuwa likamalowa ndi yokongola zedi, koma walira mvula walira matope.

Pali zina zimene anyamata amatsitsa pachabe n'kuipitsa gemu osapindula kanthu. Anisotropic Filtering isiye pa x16 kapena x8, siidya kanthu, koma ndiyo imachititsa kuti msewu wakutsogolo usaoneke ngati phala. Mirror Quality imagwira ntchito ukaima pa kalilole basi. Motion Blur ndi nkhani ya kukonda kwa munthu: ine pa 60 ndimaizimitsa, pa 30 ndimaisiya chifukwa imabisa kudumpha kwa zithunzi.

Texture Quality ndi nkhani ina, uimvetse. Siidya liwiro la khadi, imadya malo mu VRAM. Ili ngati katundu m'kabati: akakwana, kabatiyo sailemedwa, koma akasefukira amayamba kusungidwa kuchipinda china, ndiko ku RAM ya kompyuta, ndipo ulendo uliwonse wokatenga ndiko kuima kuja ukukuona. Mu Red Dead, Texture ikatsika ngakhale sitepe imodzi makoma ndi zovala zimaoneka ngati zofufutika, choncho ndi chinthu chomaliza kuchigwetsa. M'ma setting muli kamzere koonetsa VRAM imene wadya. Uli ndi 4GB. Tsitsa zina zonse kaye, uone ngati Ultra akwana n'kutsala kampata. Akapanda kukwana, High, ndipo usadandaule.

Yesanso Vulkan ndi DirectX 12, zonse ziwiri. Makina ena amakonda iyi, ena iyo. Aliyense wokuuza motsimikiza kuti yabwino ndi iyi akunena za kompyuta yake, osati yako.

Zikakanikabe, ndiye tikhudze resolution. Kale tinkangotsika pa 1600x900, madontho 1,440,000, n'kupirira chithunzi chofewa. Lero muli ndi mwayi. DLSS ya Nvidia uiiwale, imafuna makhadi a RTX ndipo lako si limodzi la amenewo. Koma FSR ya AMD imayenda pa makhadi a makampani onse, ndipo FSR 2 inalowa mu Red Dead mu Sepitembala 2022. Pa sikirini ya 1080p, ukasankha Quality, gemu imajambula pa 1280x720 kenako n'kumanganso chithunzicho kuti chidzaze sikirini, mothandizidwa ndi zithunzi zam'mbuyo. Pa Quality zimaoneka bwino ndithu. Pa Performance imajambula pa 960x540, ndipo pamenepo nthambi za mitengo zimayamba kusungunuka, usafikeko. Ngati FSR sukuipeza m'ma setting ako, ndiye kuti gemu yakoyo ndi yakale, ija yokopera pa hard drive ya mnzako. Sindikufunsa kumene unaitenga. Ndingokuuza kuti Steam imatsitsa mtengo wa gemu imeneyi kangapo pa chaka, ndipo yogula imalandira zokonza zonse.

Ukamaliza zonsezi uona FPS ikusewera, tinene, pakati pa 35 ndi 50. Apa ndi pamene uchite chinthu chimene mnyamata aliyense amakana: uimange. Sikirini yako ndi ya 60Hz, imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi. Pa 30 FPS chithunzi chilichonse chimakhala maulendo awiri ndendende, mayendedwe n'kukhala osalala. Pa 40, china chimakhala ulendo umodzi china awiri, ndipo diso limamva kutsimphina ngakhale nambala ndi yaikulu. Pokhapokha sikirini ili ndi FreeSync, 30 yokhazikika imaposa 40 yoyendayenda. Mu RivaTuner muli malo olemba malire a FPS, ndipo gemuyo ili ndi VSync ya Half imene imachita zofanana. Red Dead ndi gemu yoyenda pa kavalo, yosaka nyama, yomvera nkhani. Si Counter-Strike. Mu gemu yowomberana ndi anthu ena pa intaneti ndingakuuze zosiyana: gwetsa zonse pa Low, zimitsa VSync, tenga FPS iliyonse imene ungapeze. Ndipo pamenepo usasokoneze FPS ndi ping. Ukawombera munthu iye osagwa, kenako iwe n'kufa uli kuseri kwa khoma, limenelo ndi vuto la mtunda wa pakati pa Harare ndi seva, osati la khadi. Sankha seva ya Johannesburg ngati ilipo, ndipo lumikiza ndi waya m'malo mwa WiFi.

Kumanga FPS kuli ndi phindu lina limene a pa YouTube a ku America sangakuuze, chifukwa kwawo magetsi si nkhani. Khadi lomangidwa siligwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, choncho limadya magetsi ochepa ndipo silitentha kwambiri. Kwa munthu wosewera pa inveta ndi batire imodzi imene mayi ako akuidaliranso pa nyali ndi kutchaja mafoni, kusiyana kwake ndi kwakukulu. GTX 1650 yakoyo imadya mawati 75 okha, ndiponso siifuna waya wakewake wa magetsi, n'chifukwa chake inakwana mu Dell ya mu ofesi. RX 580 imene ukuisirirayo imadya mawati 185 ndipo imafuna waya wochokera ku power supply. Power supply ya makompyuta a mu ofesiwa ndi yaing'ono, ndipo ambiri ali ndi mapulagi awoawo osagwirizana ndi za m'sitolo. Ukagula khadi, ugulanso power supply, mwina ndi bokosi lomwe. Mtengo umene unandiuza uja ndi chiyambi chabe.

Za RX 580 ndili ndi chipsera. Ndalama ya pa intaneti ya Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu Sepitembala 2022, makhadi amene anagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka anakhuthukira pa msika, ena n'kufika kuno. Ndinagula limodzi m'tauni kwa mnyamata wolankhula bwino, wa nsapato zoyera. Anandiyatsira, Windows inaoneka, ndinalipira. Kunyumba, mphindi makumi awiri m'kati mwa gemu, sikirini bii. Nambala yake ya foni inafa tsiku lomwelo. Si makhadi onse okumba amene ndi oipa, ena anasamalidwa bwino, koma khadi siliyesedwa ndi Windows. Liyesedwe ndi gemu yolemera, theka la ola, uli pomwepo ukuyang'ana kutentha. Utsegulenso GPU-Z. RX 580 yeniyeni ili ndi ma shader 2304. Ikaonetsa 2048, limenelo ndi khadi lofanana mphamvu ndi RX 570 lovala dzina la mkulu wake. Wogulitsa akakana kuti uyeze, tsanzika mwaulemu.

Ndisanaiwale, fumbi. Bokosi lako ndaliona lili pansi, pakona, pafupi ndi chitseko. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la m'misewu yathuyi limalowa paliponse, ndipo Okutobala akafika, pansi pa denga la asibesitosi m'chipinda mumakhala ngati mu uvuni. Khadi la Nvidia likafika cha m'ma 83 digiri limadzichepetsera liwiro lokha kuti lisapse, CPU nayonso ili ndi malire ake. Chizindikiro chake n'chakuti gemu imayamba bwino, pakapita mphindi khumi ndi zisanu n'kuyamba kulemera. Setting yochiza zimenezo kulibe. Zimitsa, zula pulagi, tsegula bokosi, tenga burashi yofewa ya penti. Gwira fani ndi chala pamene ukuipemerera kuti isazungulire mopenga. Usauzire ndi pakamwa, malovu ndi mdani. Thermal paste ya pa CPU mwina ndi yomwe inabwera nayo kuchokera ku fakitale, yauma gwa ngati dothi la m'chilimwe. Ipukute, uike yatsopano kadontho kofanana ndi njere ya nandolo. Bokosilo ulikweze pa tebulo. Agogo ako, amene anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu, ankapukuta njinga yawo ya Humber Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, sipoko ndi sipoko, ndipo ine ndinkawaseka. Njinga ija inawaika m'manda idakali yoyenda.

Magetsi akathima, zula pulagi pakhoma. Ine ndinaphunzira ndi fungo la waya wopsa usiku wina magetsi atabwera ndi ukali, power supply imodzi ndi motherboard zinapita limodzi. Kachipangizo koteteza kaja kogulitsidwira mafiriji n'kotchipa kuposa chilichonse chimene chili m'bokosi lakolo.

Mapulogalamu olonjeza kuwonjezera FPS, aja a mayina ngati mankhwala a sing'anga wa pa Mbare Musika, uwapewe. Abwino mwa iwo amangotseka zinthu zimene ungatseke wekha, oipa amabwera ndi ma virus, ena mpaka kugwiritsa ntchito khadi lako kukumbira mwini wawo ndalama iwe uli m'tulo. Tseka Chrome usanayambe gemu, pa 8GB tabu iliyonse ndi mlendo wodya nawo. Driver utenge kwa Nvidia kwenikweni.

Ndiye ndalama ija. Ndikukayikira kuti kuima kwa kavalo wako gwero lake lalikulu si khadi. Gemu ya dziko lotambalala ngati imeneyi imakoka zinthu kuchokera pa disiki nthawi yonse pamene ukuyenda, ndipo hard drive yozungulira imachedwa kupereka. RAM ikadzaza, Windows imayamba kusungira zotsala pa disiki yochedwa yomweyo, ndiye mavuto awiri akumana pa khomo limodzi. Komanso 8GB yakoyo ndikuganiza kuti ndi kamtengo kamodzi. Timitengo tiwiri tofanana timayenda pa dual channel, njira ziwiri m'malo mwa imodzi, ndipo CPU imapuma bwino. SSD siikweza avareji ya FPS kwenikweni, koma imadula mano a sowo aja, ndipo kudikira gemu kuti itseguke kumachepa. Magemu atsopano sakufunsanso n'komwe: Cyberpunk 2077, kuyambira pa kusintha kwake kwa mu Sepitembala 2023, imafuna SSD ndi RAM ya 12GB ngati poyambira. Kamtengo ka 8GB ndi SSD ya 500GB pamodzi sizifika pa mtengo wa khadi ndi power supply, ndipo zimenezi ndingathandizeko.

Koma ndikufuna manambala kaye. Tenga kope, ujambule mizere: setting, FPS ya kuthengo, FPS ya mu Saint Denis, GPU peresenti, kutentha. Loweruka ubwere nalo pamodzi ndi bokosilo, ulikulunge m'bulangete ndipo mu kombi ulinyamule pamiyendo, asakuikire kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga. Thermal paste ndili nayo, burashi ubwere ndi yako. Ufike m'mawa magetsi akadalipo. Uwapatse moni mayi ako, uwauze kuti poto wawo wamkulu uja ndidzakupatsira pobwerera.

Ndine malume ako.